Ndapeza mbale ya WITCH m'thiranki la agogo, ndani akulidziwa gululi?

Kondwa wa ku Mchinji: Anthu inu pepani ndikusokonezeni pang'ono pa nkhani za mpirazi. Wikendi yapitayi tinali kumudzi kukonza nyumba ya malemu agogo aamuna, nde pansi pa bedi tatulutsa thiranki lachitsulo lija anabwera nalo kuchokera ku migodi ku Kitwe. Mkatimo makalata akale, chipewa cha kumgodi chong'aluka, ndi mbale za nyimbo 6 zokulungidwa mu chitenje. Zinayi ndi za rumba ya ku Congo, imodzi inasweka pakati, koma yomalizayi yalembedwa WITCH, pansi pake Lazy Bones!! mpaka zizindikiro ziwiri zofuulira. Azakhali atangomva tanthauzo la dzinalo akuti tengani machesi, zaufiti m'nyumba muno ayi kkkk. Ndaibisa m'chikwama ndabwera nayo ku Lilongwe. Alipo akulidziwa gululi?

Mayi a Tamanda: Azakhali anuwo sakulakwa, munthu ungatchule bwanji gulu lako kuti mfiti

DJ Fodya: OSAWOTCHA. Aise osawotcha ndagwira mwendo. Ika pamthunzi, choimika ngati buku, osasanjikapo kanthu pamwamba. Ndikubwera ndikuuze bwinobwino ndili pa minibasi

Mdala wa Chamboli: Mwana wanga Kondwa, wandikumbutsa kutali. Ine ndinabadwira ku Kitwe komweko, bambo anga anachoka ku Dedza kukagwira ntchito ku mgodi ngati agogo akowo, kumudzi kuno tinabwerera ndili kale ndi ndevu. Dzinalo si la ufiti iyayi, mayi a Tamanda khazikani mtima pansi. Ndi zilembo zoyamba za mawu akuti We Intend To Cause Havoc, kunena kuti tabwera kudzayambitsa chipwirikiti. Ndipo chipwirikiti ankayambitsadi. Woyimba wawo Emmanuel Chanda anthu anamupatsa dzina loti Jagari chifukwa pa siteji ankadzigwedeza ngati Mick Jagger wa Rolling Stones, kudumpha, kugwa pansi, kukwera pa masipika, ife anyamata pakhomo la holo tikukankhana opanda ndi ngwee yomwe m'thumba. Pa gitala panali Chris Mbewe, mnzake John Muma, pa bezi Gedeon Mulenga, ng'oma Boidi Sinkala. Mbale uli nayoyo ndi yachitatu, ya 1975.

Kondwa wa ku Mchinji: Eee madala zikomo kwambiri. Yachitatu? Nde zilipo zingati zonse

DJ Fodya: Ndatsika. Zilipo 9 ukawerenga zonse mpaka za posachedwapa. Introduction ndi yoyamba, 1972, kenako In the Past 1974, Lazy Bones!! 1975, Lukombo Vibes 1976, nde ya 1977 ija ilibe dzina lenileni anthu amangoitchula ndi nyimbo ya Janet chifukwa ndi yomwe inalembedwa pachikuto kuti ilimo. Zisanu zimenezo ndi za rock. Kenako Movin' On 1980 ndi Kuomboka 1984, za disco. Kenako ziii pafupifupi zaka 40, mpaka Zango 2023 ndi Sogolo 2025

Gitala Mbuzi: Zilipo 5 bwana. Zinazo ndi anthu ena anangobwereka dzina

DJ Fodya: Wayambatu iwe

Gitala Mbuzi: Sindinayambe kanthu, ndikungonena zomwe makutu akumva. Tenga Lazy Bones uike, kenako uike Movin' On, umuuze munthu woti sakudziwa kuti ndi gulu limodzi, akuseka. Koyambako gitala ikulira mokalipa ngati chitseko chachitsulo chikukhulidwa pa simenti, kuja aponda mpaka pansi kachipangizo ka fuzz kopangitsa gitala kulira mwamanzenene, ng'oma zikuthamanga pena zikuchita ngati zimusiya woyimba m'mbuyo. Kwinako kiyibodi yoyera mbee, mawu a mzimayi osalala, zovinira ku hotela. Jagari mulibemo. WITCH yopanda Jagari ndi nsima yopanda ndiwo

Ba Tembo ku Lusaka: Muli bwanji bonse. Nangenapo pang'ono chifukwa nkhani iyi ni ya kwathu. Ba Gitala, kuno ku Lusaka bantu bambiri ba zaka za ma 50 bakakumbuka WITCH bakumbuka ya disco yamene muikana, ndiye yamene inali kulira pa ma kitchen party na pa wailesi pamene benze bafana. Ya rock ni ya bazikulu bathu. So musaitaye chabe

DJ Fodya: Mwamva? Ndipo anthu oyimba zida aja sanasinthe onse, ena mwa akale anapitiriza, chomwe chinasintha ndi kutsogolo, kunabwera Patrick Mwondela pa kiyibodi ndi oyimba atsopano. Nde ufuna ankatani, afe ndi njala chifukwa iwe mu 2025 ukufuna fuzz? Nthawi imeneyo disco inali italowa paliponse, mwini bala akuona kuti kulipira munthu m'modzi wa mbale nkotchipa kusiyana ndi kudyetsa anyamata asanu ndi zida zawo. Ine ntchito yangayi ndi yomwe inapha magulu ambiri, ndikuvomera, koma WITCH inakana kufa msanga, inasintha malaya

Gitala Mbuzi: Kusintha malaya ndi kusintha munthu ndi zosiyana

Mdala wa Chamboli: Ana inu mukukangana bwino koma mukuiwala chomwe chinkachitika kunja kwa holo. Zambia italandira ufulu mu 1964 ndalama ya kopa inalipo, wogwira ntchito ku mgodi ankatha kugula gumbagumba ndi mbale mwezi ukatha, makalabu a migodi anali ndi maholo ndi zida. Kaunda anadzalamulanso kuti pa wailesi pazimveka nyimbo za m'dziko momwemo pafupifupi zokhazokha, nde aliyense wodziwa kugwira gitala anathamangira kukajambula. Koma chapakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa kopa unagwa, zinthu zinayamba kusowa m'masitolo, sopo weniweniyu kuima pamzere. Kenako nkhondo ya ku Rhodesia, Zimbabwe ya lero, ndege za mtsogoleri wawo Ian Smith zinafika mpaka kudzaponya mabomba m'Zambia mu 1978, boma linaika lamulo loti usiku anthu asayende ndipo magetsi azizimitsidwa. Tsono gulu loyimba usiku lidya chiyani? Ankayesa kuyimba masana, kapena kutsekera anthu m'holo mpaka kuche. Jagari naye anapita kukaphunzira zauphunzitsi. Ukamamvera mbale zija motsatana ukumva dziko likusauka pang'onopang'ono, ine ndi mmene ndimazimvera.

Nachisale UK: Madala mwalongosola bwino mpaka ndakhala pansi. Ine ndinawaonera ku London anthu amenewa, Jagari ndi Mwondela onse awiri pa siteji imodzi, nde mkangano wa a Gitala ndi a DJ eni akewo anauthetsa kalekale kkkk. Bambo aja ndi achikulire koma mmene amadumphira ine bondo langa silingayerekeze. Chomwe chinandikhudza ndi choti holo yonse azungu okhaokha, tinyamata ta ndevu tikuyimba nawo mawu onse pamtima, akuda tinalipo owerengeka ndipo ine ndinapita chifukwa mnzanga wa kuntchito, mzungu, ndi amene anandifunsa kuti iwe ukuchokera pafupi ndi Zambia sukuwadziwa awa? Manyazi anandigwira, ndinanama kuti ndimawadziwa

Mayi a Tamanda: Kkkkk kunama pa zinthu za ziii

Nachisale UK: Asisi munthu umateteza mbendera

Kondwa wa ku Mchinji: Koma nde zinatheka bwanji kuti azungu azidziwe ife oyandikana nawo tisakuzidziwa? Ku Mchinji ndi ku Chipata mesa ndi khomo ndi khomo

DJ Fodya: Anthu otolera mbale zakale aise. Mbale zija zinkapezeka mwa apo ndi apo, ena nkumaziika pa intaneti, nde kampani ina yaing'ono ya ku Los Angeles, Now-Again Records, mwini wake amatchedwa Egon, inamusaka Jagari nkugwirizana naye. Mu 2012 anatulutsa bokosi la zimbale zisanu za rock zija pamodzi, dzina lake lomwe lija We Intend To Cause Havoc. Nthawi imeneyo mkuluyo anali kutchire akukumba miyala ya mtengo wapatali, zoyimba atazisiya. Kenako mnyamata wina wa ku Italy, Gio Arlotta, anapanga filimu ya moyo wake yomwe inatuluka 2019, ndipo ndi mu ulendo umenewo momwe Jagari anakumana ndi Jacco Gardner wa ku Netherlands yemwe pano amayimba bezi m'gululi. Mbale zikanapanda kutsala m'mathiranki ngati la agogo akolo palibe akanamusaka

Gitala Mbuzi: Apa pokha ndikugwirizana nawe. Ndipo chomwe chimandisangalatsa ine ndi mmene anayambira. Introduction sanadikire kampani iliyonse, anajambula okha, ku Zambia kunalibe fakitale yodinda mbale nthawi imeneyo nde tepi inapita ku Nairobi, mbale nkubwera, nkumagulitsa okha pa mashoo. Zomwe ana a masiku ano akuzitcha kuti indie ngati zayamba dzulo. Ukamvera Introduction ukuchita kumva kuti ndi anyamata oti angolowa m'chipinda nkuyatsa zida, ogani ikulira pamwamba, Chingerezi chake chothyokathyoka koma alibe nazo ntchito, nyimbo yoyambayo akungotchulana mayina m'modzim'modzi. Pali ina ya nkhuku ija, Like a Chicken, mwana wanga wa zaka 4 amaivina

Ba Tembo ku Lusaka: Na kuonjezapo, Introduction ilipo mitundu ibili, yamene banadinda beka poyamba na yamene inatuluka pambuyo. Bokonda mbale bamakangana ati yabwino ni iti. Makampani yamene yanagwira nyimbo izi maningi yanali ku Ndola, Zambia Music Parlour ya ba Edward Khuzwayo na Teal

Mayi a Tamanda: Ine funso langa ndi lina. Ngati zinali zotchuka choncho pa Zambia pompa, bwanji kuno kwathu kunalibe gulu la rock ngati limeneli? Kapena linalipo ine sindikudziwa

Mdala wa Chamboli: Mayi, mukanamuona Jagari ndi tsitsi lake lija, thalauza lotambalala kumapazi, nsapato zazitali ngati njerwa, mukanadziyankha nokha. Kuno nthawi ya Kamuzu mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa, pabwalo la ndege pomwe alendo ankakumana ndi sizasi. Akazi thalauza linali loletsedwa mwalamulo kuyambira 1973. Kunali bungwe lounika nyimbo ndi mabuku, wailesi inali imodzi yokha ya MBC, ndipo oyimba ambiri kuti ajambule ankapita ku situdiyo ya MBC komweko, tepi nkutsala komweko. Tsono iwe upite kumeneko ukanene kuti gulu lathu dzina lake tabwera kudzayambitsa chipwirikiti? Ukanagona kuti tsiku limenelo? Oyimba aluso analipo, magitala ankalira m'mahotela ndi m'mabala, koma mbale ya rock yodzijambulira wekha inalibe podutsira. Ine nditabwera kutchuthi ku Dedza ndi thalauza langa la ku Kitwe amalume anandiuza kuti ulivule usanafike pa depoti.

Nachisale UK: Nde agogo a Kondwa analimba mtima kudutsa nayo pa Mwami mbale yolembedwa WITCH

Kondwa wa ku Mchinji: Mwina nchifukwa chake inali pansi penipeni, pamwamba anaikapo za rumba kkkk. Koma agogo omwe ndimawadziwa ine anali mkulu wa mpingo, wa jekete ndi Baibulo kukhwapa, sindikumvetsa

Mdala wa Chamboli: Tonse tinakhalapo anyamata mwana wanga. Jagari yemweyo anadzakhala munthu wopemphera kwambiri.

Gitala Mbuzi: Tibwerere ku mbale. Kondwa uli ndi mwayi chifukwa pa zisanu zija yako ndi yomwe ili pakatikati penipeni pomwe zinthu zinapsa bwino. In the Past akadali kuyesa kumveka ngati magulu a ku Britain ndi America omwe ankawamvera, ukumva Hendrix apa, Stones apo. Pa Lazy Bones ayamba kumveka ngati iwo eni, nyimbo zili ndi mdima, Black Tears, Motherless Child, Strange Dream, mitu yake yokha ikukuuza kuti si za chikondi cha pa jakaranda. Pofika Lukombo Vibes ng'oma zayamba kuyenda mwa kwathu kuno, muli nyimbo ina mutu wake Nasauka, mawu oti aliyense pagulu pano safuna womasulira

DJ Fodya: Ndipo ukapitiriza mzere umenewo ukufika pa Kuomboka, dzina la mwambo wa Alozi uja mfumu yawo Litunga amasamuka pa bwato kuchoka ku Lealui madzi akasefukira kupita kumtunda ku Limulunga. Nde usandiuze kuti anataya chikhalidwe, chimbale cha disco koma dzina anakatenga kwa Aloziwo ku Barotseland

Gitala Mbuzi: Dzina lokha

DJ Fodya: Unachimvera chonse kapena unangodumphadumpha pa YouTube?

Gitala Mbuzi: Bandulo ndi yodula aise

DJ Fodya: Kkkkkk ndagwira wakuba. Ukubwera kudzaweruza mlandu usanamve mboni

Mayi a Tamanda: Nanga zatsopanozo? Ine ndimaopa zinthu zoti nkhalamba yabwereranso patatha zaka 40, nthawi zambiri zimakhala zongofuna ndalama, azungu amuimika kutsogolo ngati chithunzi iwo akudya kumbuyo

Nachisale UK: Nkhawa imeneyo ndinali nayo asisi, ndipo sindinganene kuti ndikudziwa mmene amagawanirana ndalama. Koma pa siteji amene akulamula ndi mdala uja, akakweza dzanja onse amaima. Zango anakajambulira ku Lusaka ku DB Studios, situdiyo yomweyo yomwe anajambuliramo Lazy Bones ya Kondwayo mu 1975, tangoganizani kulowanso chipinda chomwecho anzako onse unayamba nawo atapita. Pa oyambitsa aja watsala yekha, ambiri anamwalira nthawi ija Edzi inkasesa anthu. Muli nyimbo ina Waile yomwe ankaiyimba kalelo m'mashoo koma sanaijambulepo, yadzajambulidwa pano. Muli Sampa the Great, mzimayi woyimba rap wa ku Zambia, pa nyimbo ina, oyimba aakazi a ku Zambia akuthandizira, si azungu okhaokha ayi

Ba Tembo ku Lusaka: Sogolo nayo mwaiona dzina? Ni tsogolo yamene mukamba imwe, ife tichotsako chabe t

Mayi a Tamanda: Nkhalamba ikukamba za tsogolo, ife achinyamata tikukamba za kale, dziko latembenuka

Gitala Mbuzi: Zango ndinaimvera yonse imeneyo, DJ usandiyang'ane. Ndi yabwino, fuzz ilimo, koma ndi yaukhondo kwambiri. Zakale zija zimamveka fumbi, pena gitala yaphonya pang'ono osabwereza chifukwa tepi ndi ndalama. Ife ku tchalitchi tikamajambula kwaya pa kompyuta timabwereza mzere umodzi ka 20 mpaka moyo wonse kuthamo. Anyamata aja analibe mwayi umenewo nchifukwa chake mbale zawo zikupumabe

DJ Fodya: Koma waona kuti mu Zango kiyibodi ya Mwondela yomwe umaida ija ili ponseponse? Nde ngati waikonda Zango wavomera theka la disco usakudziwa

Gitala Mbuzi: Ndiyankha mawa

Kondwa wa ku Mchinji: Mng'ono wanga wa ku sekondale wangoona chikuto apa akuti iyeyo Zamrock, rock ya ku Zambiayi, amaidziwa, ati woyimba rap wa ku America uja Tyler, The Creator anatengako nyimbo ya gulu lina la ku Zambia, mawu ake a Chinyanja omveka bwinobwino

DJ Fodya: Akunena zoona mfanayo, koma si WITCH, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, Tyler anaiika mu nyimbo yake Noid ya 2024. Magulu analipo ambiri, Amanaz ndi chimbale chawo Africa cha 1975, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, The Peace, koma amene anasiya mzere wautali wa zimbale woti ungautsate chaka ndi chaka ndi WITCH. Amanaz anatulutsa chimodzi chokha basi nkubalalika

Mayi a Tamanda: Chabwino tamva mbiri, tsono funso lomwe aliyense akuliopa ndilifunse ine. Mbaleyo ingagulidwe zingati

Kondwa wa ku Mchinji: Kkkk mayi mwandiwerenga maganizo

DJ Fodya: Zodindidwa nthawi imeneyo zimadula ndithu kwa otolera akunja, koma zimatengera mmene ilili. Iunike ndi tochi ya foni chopendeketsa, uone ngati mikwingwirima yake ndi yoti chikhadabo chikukodwamo. Uike pa tebulo lagalasi uone ngati yagona fulati kapena yapindika. Chikuto chisamatidwe ndi selotepi chonde. Ndipo osapukuta ndi sipiliti kapena Vim, madzi oyera ndi kansalu kofewa basi, mozungulira motsata mizere, pepala lapakatilo lisanyowe. Ine ndinaphunzira mowawa, ndinagula mbale 12 kwa bambo ena ku Zomba nkuzisiya pampando wakumbuyo kwa galimoto ya mnzanga masana onse a Okutobala ife tikudya kanyenya, pobwera zonse zapindika ngati zitumbuwa, mpaka lero ndikaziona mtima umawawa

Nachisale UK: Kondwa usagulitse msanga. Imvere kaye ngakhale kamodzi, agogo ako anaisunga zaka zonsezi pansi pa bedi mkazi wawo osadziwa

Mdala wa Chamboli: Ndipo ukaimvera undiitane pa foni ndimvere nawo, ngakhale mbali imodzi yokha. Pa YouTube ndinayesa, adzukulu anandiikira, koma palibe kaphokoso kaja ka singano ikangotera pa mbale nyimbo isanayambe. Kumeneko ndi komwe ife tinkakhalira chete.

Kondwa wa ku Mchinji: Madala ndalonjeza. Vuto ndi loti choyimbira ndilibe, gumbagumba ya agogo azakhali anaisandutsa kabati ya mbale zodyera kalekale

DJ Fodya: Changa chilipo koma singano inatha, ndinaitanitsa kwa munthu wina wa ku Joni miyezi itatu yapitayo mpaka lero akuti ili m'njira

Nachisale UK: Ndiuze mtundu wake, ndikubwera Disembala ndidzakutengera

DJ Fodya: Asisi Mulungu akudalitseni, ndikutumizirani chithunzi ku inbox. Kondwa sunga mbaleyo choimika mpaka Disembala, tidzakumane kwanga ku Area 25, Gitala ubwere ndi makutu ako ndidzakuikira Kuomboka yonse utakhala pansi

Gitala Mbuzi: Ndibwera koma tidzayambe ndi Lazy Bones mbali zonse ziwiri

Kondwa wa ku Mchinji: Azakhali angoimba foni kufunsa ngati ndinawotcha. Ndawauza kuti eya